Miyezi itatu ndikuwathamangitsa mayi Carole King

Malume anga atamwalira chaka chatha kwathu ku Ntcheu, pogawana katundu aliyense maso anali pa mbuzi, njinga ndi malata, ine ndinangoloza chibokosi chafumbi chimene chinali pakona nkhuku zikuikirapo mazira. Galamafoni, abale. Ija ya kabati ya miyendo inayi, mbali ino wailesi mbali inayo poikira mbale. Malume anabwera nayo kuchokera ku Joni nthawi ya Wenela ndipo akuti tsiku limene inafika mudzi wonse unachezera kuvina simanjemanje mpaka mabatire kutha. Palibe anandikaniza, mwina amayesa ndikufuna nkhuni.

Ndinailipirira mipando iwiri mu minibasi mpaka ku Blantyre, kenaka kwa mmisiri wina wa mawailesi mumsika wa Ndirande amene anasintha lamba, kupeza singano nkuilumikiza kumagetsi. Ndalama imene inathera pamenepo madamu sakuidziwa mpaka lero, nde amene mumawadziwa chonde pakamwa potseka.

M'kabatimo munali timbale ting'onoting'ono tambirimbiri, tina tosweka tina topindika ngati chiwaya cha tchipisi, ndi chimbale chimodzi chachikulu chili m'chikatoni chake ngati sichinakhudzidwepo. Pachikuto pali mayi wachizungu wa tsitsi lopotana, wavala jinzi, nsapato alibe, wakhala pawindo ndipo kutsogolo kwake mphaka wangoti maso tong'o kuyang'ana wojambula. Carole King, Tapestry. Mayi anga atachiona anati, "Ooh chimenecho malume ako anapatsidwa ndi kapitawo wawo kumgodi, anangochiyimba kamodzi nkuchisunga, ankati nchosavinika, nyimbo zake ngati za pamaliro." Ndikanakhala wanzeru mawu amenewa ndikanawasunga penapake.

Ndinaika singano. Piyano inayamba kugunda ngati azimayi atatu akusinja mumtondo umodzi, kenaka kunatuluka kaliwu kakang'ono, kakuthwa, kothamanga, ngati kamwana ka Sande sukulu kamene kauzidwa kuti kakamaliza vesi kalandira switi. Ndinati eeh, nde malume amati zosavinika ziti? Ndinavina ndekha pabalaza mpaka thukuta.

Madamu anatulukira kukhitchini chipande chili m'manja. "Bambo a mwana, mayi ameneyu akuthamangitsidwa ndi galu?"

Ndinawayankha modekha ngati munthu wophunzira kuti inu munazolowera nyimbo za paukwati, izi nza anthu ozama, zimafuna khutu.

Usiku womwewo ndinagula kabandulo ka intaneti nkuyamba kuwerenga, ndipo apa mpamene matenda anakulira. Ndinapeza kuti chimbalechi chinatuluka mu February 1971 mayiyu atangokwanitsa zaka 29, anachijambulira ku A&M Studios ku Hollywood pansi pa Lou Adler, chinakhala pa nambala wani ku America masabata 15 ndipo mu 1972 chinamubweretsera mphoto zinayi za Grammy. Ndinapezanso kuti asanayambe kuyimba yekha anakhala zaka zambiri ku New York akupekera anthu ena nyimbo, iye pa piyano mwamuna wake woyamba Gerry Goffin akulemba mawu, moti nyimbo yomaliza pachimbalechi anayamba kuiyimba ndi Aretha Franklin mu 1967. Olo dzina la mphaka uja ndinaliloweza, Telemachus, dzina lovuta kuposa la mwana aliyense m'banja mwathu.

Mufunsa kuti bwanji sunangotsegula YouTube nkumumvera. Nanga si ndinawerenganso penapake kuti odziwa nyimbo enieni samvera pafoni, ati foni imafinya mawu, kukoma konse kumakhala pa mbale ndi singano, nde ndinalumbira kuti khutu langa silidzadetsedwa ndi za pafoni. Kuwerenga ndinawerenga zonse, kumvera ayi.

Zizindikiro zinalipo, sindinganame. Pa intaneti amati chimbalechi chili ndi nyimbo 12 ndipo chimatenga pafupifupi mphindi 45, kwanga chimatha m'mphindi 33 ndi kutembenuza komwe kusanawerengedwe, ndinangoti aah mwina za ku South Africa ankadulako posunga pulasitiki. Amatinso James Taylor ndi Joni Mitchell anathandizira kuyimba m'nyimbo ina, ine kusaka mawu achimuna osawapeza, ndimangomva atsikana okhaokha, nde ndinangogamula kuti amuna aku America nthawi imeneyo mawu awo anali choncho chifukwa cha kuzizira. Munthu ukafuna kukhulupirira chinthu umapeza zifukwa ndithu.

Miyezi itatu ndinazunza anthu. Kuntchito, pa bawo, olo mu minibasi, aliyense wokhala pafupi nane amamva za Carole King ndi kaliwu kake ka ngati mbalame. Mlamu wanga akukonzekera chinkhoswe ndinamuuza kuti polowa adzavine nyimbo yachitatu ya mbali yoyamba, It's Too Late, chifukwa imathamanga bwino ndipo palibe DJ wina ali nayo. Mawu ake sindimawamva, amadutsa ngati njinga ya kabaza yopanda mabuleki, koma ndinali ndi chikhulupiriro kuti nza chikondi.

Tsoka linabwera Lamulungu lina titatuluka mapemphero. Kutchalitchi kwathu kuli aphunzitsi ena opuma, achikulire ndithu, ndiwo amayimba limba, ndipo ine posafuna kuti mwayi undidutse ndinawayandikira nkuyamba ulaliki wanga. Nkhope yawo inawala. Anati chimbale chimenecho ankachimvera ali ku koleji ndipo padutsa zaka zambiri asanachionenso, angakonde kudzachimva. Ine mmalo mowaitana okha ndinaitana theka la kwaya, aneba awiri ndi mlamu uja, ndinagula Sobo ndi mabanzi, mipando ina kubwereka.

Anthu atakhala ndinayamba ndi mawu otsegulira, za 1971, za ma Grammy, za mphaka. Ndinawachenjeza kuti mawu a mayiyu ngachilendo, osaseka, zimatenga nthawi kuti khutu lizolowere. Ndinapukuta chimbale ndi kansalu, kuika singano, piyano ija nkuyamba kusinja ndipo ine phewa linayamba kale kugwedezeka.

Aphunzitsi anaika kapu pansi. Anavala magalasi. Anadzuka pang'onopang'ono, mawondo akulira, nkukagwada patsogolo pa galamafoni ngati akupemphera, kenaka anatulutsa kandalama kachitsulo m'thumba nkuyamba kupala dothi pambali pa kabatani kena kamene ine ndimayesa nkokongoletsera chabe. Panatuluka manambala. Uku 33, uku 45.

"Mwana wanga, mwakhala mukumvera chonchi?"

"Miyezi itatu, aphunzitsi."

Anangoti "Ambuye atikhululukire" nkupotokola kabatani kaja.

Abale inu. Zinali ngati minibasi yothamanga yafika pa hampu. Kamwana ka Sande sukulu kaja kanakula pompo ife tikuona, kanasanduka mayi wamkulu wa mawu okhuthala, osasa pang'ono, ndipo piyano inasiya kusinja nkuyamba kuyenda ngati munthu. Aphunzitsi ali chigwadire anafotokozera gulu lonse, mwaulemu umene unandipweteka kuposa kutukwana, kuti timbale tating'ono timazungulira ka 45 pa mphindi koma chachikulu chimafuna ka 33 ndi kadontho, nde malume atamaliza kumvera kamodzi kaja anabweza kabatani ku simanjemanje yawo nkukhala pomwepo zaka zonsezi. Anati, "Mayiyu munamukweza makiyi asanu, olo sopulano wathu uyu sangafikeko." Sopulanoyo anali pompo, banzi lili kukamwa, misozi ili mbwembwembwe ndi kuseka.

Madamu sanaseke. Anangondiyang'ana nkunena kuti, "Galu uja wasiya kuwathamangitsa."

Ndimafuna nthaka ing'ambike ndilowe, koma nyimbo yachiwiri itayamba, So Far Away, chipinda chonse chinangoti zii ndipo manyazi anga anthu anayamba awaiwala. Apa mpamene ndinamva chimene anthu amachitamandira chimbalechi. Mayiyu sayimba modzionetsera, sapotokola mawu kuti timuombere m'manja, pena liwu limachita ngati lithothoka nkusweka koma salibisa, amangoyimba ngati achemwali ako akukuuza nkhani kukhitchini akusenda mbatata. Piyanoyo dzanja lamanzere limalemera ngati la kutchalitchi, zoyimbira zina zimangotsatira chapatali osamuphimba, ndipo kumapeto kumabwera kachitoliro kamodzi basi. Nyimboyo ikudandaula za munthu amene ali kutali, nde mayi wina wa mukwaya amene amuna awo ali ku Cape Town chaka chachinayi tsopano ndinawaona akupukuta m'maso ndi chitenje. Ine ndinaganiza za malume ali mukomponi, kalata kutenga mwezi kuti ifike kumudzi, nkuika chimbale chimenechi kamodzi kokha. Mwina sikuti chinali chosavinika chabe, mwina chinawalasa penipeni nde anachitsekera m'kabati.

Nyimbo yachitatu ili mkati aphunzitsi anafunsa mlamu wanga kuti amva zoti imeneyi ndi yolowera pachinkhoswe, nzoona? Mlamu anavomera. Aphunzitsi anati mawu ake analemba ndi Toni Stern ndipo akunena za anthu awiri amene chikondi chawo chatha, ayesetsa zakanika, aliyense aziona njira yake. Mlamu anandiyang'ana ngati ndamubera mbuzi. Mpaka pano moni amandipatsa wa mutu okha.

Titatembenuza mbali yachiwiri James Taylor anapezeka. Anali momwemo miyezi yonseyi bambo wa anthu, ine ndinamusandutsa mtsikana wa Fomu 1. Ndipo chimene chinandimaliza ndi nyimbo imene amathandizirayo, Will You Love Me Tomorrow, chifukwa Carole King anaipeka ali ndi zaka 18, gulu la The Shirelles nkuiyimba mothamangirako mu 1960, nde patapita zaka khumi, banja ndi Goffin litatha, mwini wake anakhala pa piyano nkuichedwetsa dala kuti funso lili m'menemo limveke kuwawa kwake. Mayi anachedwetsa mwadala ku Hollywood, ine ku Chilomoni ndinabweza liwiro nkuwonjezerapo. Zonsezi ndinali nditawerenga, ndimazilalikira pa bawo, osadabwa kuti nyimbo yochedwetsedwa ikutha ndisanamalize kumanga nsapato.

Nkhani inafika kutchalitchi ine ndisanafike. Pano anyamata a kwaya amanditchula a Fote-faifi, ndipo kwaya ikathamangitsa nyimbo aphunzitsi amangokweza dzanja nkunena kuti tiyeni tibwerere ku 33, mpingo wonse nkutembenuka kundiyang'ana. Ana anga akufunabe ija ya anapiye, ati ya pano njogonetsa, ndipo kunena chilungamo pakhomo pakakhala palibe munthu nyimbo yoyamba ija ndimaibwezabe ku 45, pokolopa imathandiza.

Chimbalecho tsopano analanda ndi madamu. Loweruka lililonse akamasita amachiika okha, singano amaigwira bwino kuposa ine. Sabata yatha ndinalowa So Far Away ili mkati nkufunsa ngati tiyi alipo, anandikwezera dzanja osandiyang'ana nkomwe.

"Dikirani ithe, bambo a mwana. Izi zimafuna khutu."