Wapansi kuchoka pa Bvumbwe kukafika pa Chitakale, tenti ili kumsana

Anthu akamva kuti ndimayenda wapansi kuchoka pa Bvumbwe mpaka pa Chitakale, amayamba kundifunsa za miyendo ndi matuza. Miyendo si nkhani, ikazolowera imangodzipitira. Chimene chimandizunguza mutu dzuwa likapendeka ndi malo okhomapo tenti, chifukwa mumsewu wonse wa M2, kuchokera ku Limbe kudzera pa boma la Thyolo ndi Luchenza mpaka ku Muloza, simungapeze tchire lopanda mwini wake.

Pa Bvumbwe ndimanyamuka m'mamawa, amayi akuyala kumene tomato ndi kabichi pamsika. Ndimagula chigumu, nthochi ndi mtedza wokazinga, basi ulendo. Mukadutsa pa Thunga minda ya tiyi imayamba kukuzingani mbali zonse, yobiriwira, yometedwa bwino, othyola ali balalabalala ndi madengu kumsana. Wodutsa pagalimoto amaona malo ambirimbiri oti munthu n'kugonapo. Yesani muone. Tsiku lina ndinangotula chikwama pansi pa bulugama m'mphepete mwa esiteti ina kuti ndisinthe sokosi, mlonda anali atafika kale, chibonga kumanja. Sanandikalipire ayi. Anati, "Bambo, kupuma pumani, koma kuno ndi kwa kampani. Mukagona pano, mawa ine ntchito yatha." Tinagawana chigumu chija, iye n'kundilozera kanjira kotsikira kumudzi.

Kumudziko ndiye kulibiretu malo. Tiyi anayamba kubzalidwa ku Mulanje mu 1891, esiteti ya Satemwa ku Thyolo inatsegulidwa mu 1923, ndipo kuyambira nthawi ya thangata nthaka yabwino inapita kumaesiteti, anthu n'kutsalira m'zitunda ndi m'makhwawa. Mukamayenda wapansi mumaziona ndi maso: chimanga chafika pakhonde, nandolo wazungulira chimbudzi, chinangwa chadzalidwa mpaka m'ngalande ya msewu. Tenti yanga ndi ya munthu mmodzi, koma ngakhale iyoyo imafuna kuti wina asunthe mphasa yoyanikapo makaka.

Ndiye ndimachita zomwe mlendo aliyense amayenera kuchita kuno. Ndimafika kukadali kowala, cha m'ma 4 koloko. Ndimayamba pamjigo, kupempha madzi, kulonjerana ndi amayi, kenako kufunsa kwa amfumu. Kumeneko chikwama ndimachisiya poonekera, chipewa n'kuvula, kukhala pansi, kudikira kuti andifunse okha. Ndimatulutsa chiphaso cha unzika ndisanapemphedwe, n'kunena kwathu, komwe ndagona dzulo ndi komwe ndikulowera mawa. Amfumu ena amaseka: "Mwana wanga, ya minibasi yakuthera? Tikuthandize?" Ena amayamba aitanitsa anyamata achitetezo cha m'mudzi kuti nawonso andione nkhope. Sindikwiya nazo. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu osalakwa m'zigawo zomwe zino, ndipo ena mwa ovutitsidwawo anali alendo amene palibe ankawadziwa. Munthu wa chikwama chachikulu, tochi pachipumi, akukhoma kanyumba ka nsalu mumdima kuseri kwa sukulu, mukuganiza kuti amene wamuona akanena chiyani kumudzi? N'chifukwa chake thumba lamadzi lija lokhala ndi kapaipi koyamwira, lomwe okwera mapiri amalikonda, ndimalisiya kunyumba. Ndimanyamula botolo wamba la Sobo.

Akakulandirani, vuto limasanduka lina. Amakana kuti mugone panja. Mayi wina kufupi ndi boma la Thyolo anaima pabwalo manja ali m'chiuno: "Achimwene, anthu amva bwanji kuti mlendo wagona pabwalo ngati mbuzi, nyumba ilipo?" Tinagwirizana kuti tentiyo ndiikhome mphepete mwa khonde, ana n'kupikisana kugwira zikhomo. Usiku umenewo ndinadya nsima ya nandolo, ndipo kasitovu kanga ka gasi sikanatuluke n'komwe m'chikwama. Pochoka ndimasiya shuga kapena sopo. Ndalama m'manja zimachititsa manyazi onse awiri.

Luchenza sindiikonda kugonamo. Ndi tauni ya njanji, fumbi, akabaza ndi masipika a m'mabala mpaka usiku, ndipo m'tauni zopita kwa amfumu sizithandiza kwenikweni. Pamenepo ndimangolipira kachipinda ku resitihausi, kuchapa sokosi, kutchaja foni, kudya tchipisi cha pachiwaya. Amene akufuna kunena kuti ndabera anene.

Kutuluka m'Luchenza mwafika pa Chonde, pomwe a Mulhako wa Alhomwe amachitira mwambo wawo mu Okutobala. Kuyambira apo phiri la Mulanje limakhala kutsogolo kwanu tsiku lonse, ndipo limakhala ngati silikuyandikira. Ndimakonda kuyenda mu Juni kapena Julayi chifukwa dzuwa silipsereza, koma imeneyo ndi nyengonso ya chiperoni, kamvula kowaza kamene kamatha masiku osaleka. Tenti imapindidwa ili yonyowa, imalemera, imayamba kununkha nguwi. Msewunso ndi wopapatiza malo ena, choncho ndimayenda moyang'anizana ndi magalimoto, ndipo mathiraki a tiyi akamabwera ndimatsikira m'ngalande osadikira hutala.

Pa Chitakale, pomwe pamapatukira msewu wa ku Likhubula, anyamata operekeza alendo kuphiri amandithamangira akaona chikwama. Amaganiza kuti ndikupita ku Sapitwa, mamita 3,002 m'mwamba. Ndikawauza kuti ndachokera pa Bvumbwe wapansi ndipo ndathera pomwepa, amayang'anana. Kwa iwo ulendo weniweni ndi wa kuphiri, komwe kuli nyumba zogonamo ndi alonda ake, palibe kukagwada kwa amfumu. Ine ndimagula chinanazi, kuchisenda pomwepo ndi kampeni kanga, n'kukwera minibasi ya ku Limbe. Kondakitala amachiyeza ndi maso chikwama chija n'kunena kuti nachonso chilipire mpando.