Pickup Yomweyo, Gitala Ina, Mawu Ena: Kodi Thabwa Lili ndi Mlandu Wanji?

Pickup ndi kachipangizo kamene kamatola kulira kwa nsambo pa gitala ya magetsi. Mukachotsa humbucker (pickup ya makoyilo awiri a waya) pa gitala ya Les Paul ya kampani ya Gibson n'kuimanga pa Stratocaster (Strat) ya Fender, kaliridwe kake kamasintha. Ambiri akamva zimenezi amaloza chala thabwa: amati mahogany wa Les Paul ndi amene ankanenepetsa mawu, alder wa Strat ndiye wawaondetsa. Thabwa lili ndi mbali yake ndithu, sindikukana. Koma pa zinthu zonse zimene zimasintha pickup ikasamuka, thabwa ndiye laling'ono, ndipo zimamvetsa chisoni kuona munthu akutaya gitala yabwinobwino chifukwa cha vuto limene likanatha ndi sikuludiraiva komanso kachitsulo kamodzi.

Pickup si maikolofoni, simva mawu a mumpweya. Mkati mwake muli maginito ndi waya wa kopa woonda ngati tsitsi. Pa single coil (pickup ya koyilo imodzi) ya Stratocaster, waya wa saizi ya 42 AWG amakulungidwa pafupifupi ka 8,000 kuzungulira timaginito 6 ta mtundu wa Alnico 5. Nsambo yachitsulo ikamanjenjemera pamwamba pa maginitowo, m'waya muja mumabadwa kamagetsi kochepa zedi, kamene ampulifaya imakakulitsa. Ndiye kuti pickup imangotola kugwedezeka kwa nsambo basi. Thabwa likafuna kulowerera liyenera kudzera pa nsambo yomweyo. Nsambo yagwira pa bridge (chitsulo chogwira nsambo pa thupi) mbali ino, pa nut (kotsamira nsambo kumutu kwa gitala) kapena pa fret (tizitsulo topingasa pa khosi) mbali inayo, ndipo m'malo awiriwa mphamvu ina imathawira m'khosi ndi m'thupi la gitala. Thabwa siliwonjezera mawu. Limangochotsako ena, lina msanga, lina mochedwa.

N'chifukwa chake magitala a magetsi apangidwapo ndi zinthu zodabwitsa n'kumalirabe bwino. Cha m'ma 1940 woimba gitala Les Paul, mwini dzina la gitala ija, adamanga ma pickup pa chipika cha paini chimene adachitcha The Log. Kampani ya Danelectro m'zaka za m'ma 1950 inkagwiritsa ntchito Masonite, bolodi ya ulusi wa mitengo wopanikizidwa, ndipo mu 1969 kampani ya Ampeg idatulutsa gitala ya Dan Armstrong ya pulasitiki yoonekera mkati ngati galasi.

Kuyerekeza Strat ndi Les Paul kumasocheretsa chifukwa zinthu zambiri zimasintha nthawi imodzi. Kuchokera pa nut kufika pa bridge pali mamilimita 648 pa Fender, 628 pa Gibson. Nsambo za saizi imodzi, zotchunidwa mofanana, zimakungika kwambiri pa 648, ndipo besi yake imatuluka yolimba, yosamwazikana. Bridge ya Strat ili ndi chibuma chachitsulo ndi masipuling'i kumbuyo, ya Les Paul yakhala pa timizati tiwiri. Khosi lina n'lomanga ndi masikuluwu, lina n'lomata ndi guluu.

Chachikulu koposa ndi malo amene pickup yakhala. Yesani nokha gitala isanalumikizidwe: khwatchani nsambo pafupi ndi bridge, mawu atuluka oonda, akuthwa, khwatchani pafupi ndi khosi, atuluka ofewa, odzaza. Pickup nayo imamva chimodzimodzi malinga ndi pamene yaikidwa. Cha ku bridge, kuisuntha mamilimita 5 okha kumamveka. Pickup ya ku bridge pa Strat ndi pa Telecaster (gitala ina ya Fender) idakhala chopendekeka pa chifukwa chomwechi: mbali ya nsambo zonenepa idatalikirako ku bridge kuti besi isaonde. Ku khosi nakonso ilipo nkhani. Pa gitala ya ma fret 21 kapena 22, pickup imakhala cha pamene pakanakhala fret ya 24, pa kota ya utali wa nsambo. Gitala ikakhala ndi ma fret 24, pickup imakankhidwira cha ku bridge pafupifupi masentimita 2, ndipo kufewa kuja kumachepa ngakhale thupi likhale la mahogany yekhayekha. Musanagule pickup ina, tengani rula muyeze kuchokera pa saddle (pamene nsambo yatsamira pa bridge) kufika pakati pa pickup pa magitala onse awiri. Nthawi zambiri yankho limapezeka pa rula pomwepo.

Mukatero tsegulani muone ma pot, tizitsulo tozungulira timene tili kunsi kwa zotembenuzira voliyumu ndi toni. Pickup, pot ndi chingwe chopita ku ampulifaya zimagwira ntchito ngati chinthu chimodzi, ndipo pamodzi zimapanga kansonga pamene mawu apamwamba amakwera asanagwe. Pa single coil kansongako kamakhala cha pakati pa 3 ndi 5 kHz, pa humbucker cha pakati pa 2 ndi 3 kHz. Khutu limazindikira pickup makamaka ndi kansonga kameneka. Pot ya 250k (ma ohm 250,000) imakafupikitsa, ya 500k imakasiya katalikirako, ya 1 meg (ma ohm miliyoni) ngati ya pa gitala ya Jazzmaster imakasongola kwambiri. Humbucker imene inkalira bwino ndi 500k ikalowa mu Strat ya 250k imamveka ngati mwafunditsa sipika bulangeti. Single coil ikagwera pa 500k imabaya m'makutu. Pa gitala yokhala ndi humbucker imodzi ndi ma single coil awiri, ikani pot ya 500k, kenako muwotcherere resistor ya 470k kuchokera pa waya wa moto (wonyamula mawu) wa single coil iliyonse kupita ku ground (ethi), asanalowe mu switch yosankhira ma pickup. Ma single coil aja adzagwira ntchito pa 240k kapena pafupi, humbucker ikhalabe pa 500k.

Nambala yodindidwa pa pot musaikhulupirire. Ma pot ambiri amaloledwa kuphonya ndi 20 peresenti, choncho ya 500k ikhoza kukhala 400k kapena 600k. Chotsani mawaya ake, muyeze ndi multimeter pa timiyendo tiwiri tam'mbali. Ma Les Paul ambiri a m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 adatuluka ndi ma pot a 300k, ndipo kutsekeka kwa mawu kumene ena amanamizira mahogany kumachokera pamenepo. Chingwe nacho chimakhala ndi capacitance (kasungidwe ka magetsi) ya pafupifupi 100 pF pa mita iliyonse, moti cha mamita 6 chimatsitsa kansonga kaja kuposa cha mamita 3. Ma pickup oyendera batire ya 9V, ngati EMG 81, alibe nazo ntchito zimenezi. Amagwiritsa ntchito ma pot a 25k, ndipo ndi chifukwa chimodzi chimene amalirira mofananako pa gitala iliyonse.

Kutalika kwa pickup ndi kumene kumakonzeka ulere, koma ndi kumenenso kumanyalanyazidwa. Dinikizani nsambo pa fret yomaliza, muyeze mpata pakati pa nsambo ndi maginito. Pa single coil yambani ndi mamilimita 2.4 ku nsambo yonenepa ndi 2 ku yoonda. Humbucker ya ku bridge imatha kufika pa 1.6, ya ku khosi pa 2.4. Tembenuzani sikuluwu theka la mzungulo, imbani, mverani, kenako mutembenuzenso. Single coil ikayandikira kwambiri, maginito amakoka nsambo, makamaka E ndi A zonenepa mukamaimba kupitirira fret ya 12. Noti imayamba kuyendayenda ngati mawu awiri akulimbana, singano ya tuner sikhazikika, ndipo mawu amafa msanga. Apa m'pamene mumamva munthu akuti thabwa la gitala yake n'lakufa, lilibe sustain. Tsitsani pickup ya ku khosi milimita imodzi kaye, muone.

Pa Telecaster, kuluma kuja kumene anthu amayamikira thabwa la ash kuli ndi gwero lina looneka ndi maso. Pickup ya ku bridge imapachikidwa m'mbale yachitsulo ya bridge yomwe, ndipo kunsi kwake kuli kambale kena kachitsulo. Zitsulozi zimasintha mmene mphamvu ya maginito ikuyendera. Mukaimanga pickup yomweyo pa pickguard, mbale ya pulasitiki ya pamwamba pa gitala, mbali ina ya kuluma kuja imatsala m'mbale. Chivindikiro cha pickup nacho: cha brass chimadya mawu apamwamba kuposa cha nickel silver.

Nanga thabwa limamveka pati? Koposa zonse, m'khosi. Khosi n'lalitali, loonda, ndipo limagwedezeka mosavuta kuposa thupi lochindikala masentimita 4 ndi theka. Noti ina ikagwirizana ndi mmene khosi limagwedezekera, khosilo limaimwa mphamvu ndipo imazima msanga anzake akulirabe. Pezani noti yotero, muimbe, kenako mugunditse mutu wa gitala pakhoma pang'onopang'ono n'kuimbanso. Ikatalika, ndiye kuti mwalimva thabwa ndi makutu anu. Palibe pickup ingachize zimenezi. Kachitsulo kolemera kopanidwa kumutu kwa gitala kamangosuntha vutolo kupita pa noti ina.

Za mitundu ya matabwa, Fender idayamba ndi ash, ndipo mu 1956 idasamukira ku alder pa magitala ambiri. Les Paul kuyambira 1952 ndi mahogany wokhala ndi maple pamwamba. Oimba amati alder ndi wapakatikati, ash wopepuka amatulutsa besi ndi mawu apamwamba, mahogany amadzaza pakati, maple amathwetsa, basswood amafewetsa. Mukamaimba pa ampulifaya yoyera, mopanda distortion, zina mwa izi mungazimveko pang'ono, makamaka mmene noti imayambira ndi mmene imazimira. Mukakweza gain (chotembenuzira chobweretsa distortion) zimabisika pafupifupi zonse. Chimene mndandanda wotere umabisa n'chakuti matabwa awiri a mtundu umodzi amatha kusiyana kulemera ndi kulimba kuposa a mitundu iwiri. Ash wa m'madambo ndi ash wolemera wa kumpoto kwa America ali ndi dzina limodzi, koma phewa lanu lidzakuuzani kuti si thabwa limodzi.

Basswood ali ndi vuto lake lenileni: ngofewa, ndipo mabowo a masikuluwu a bridge amakula pakapita nthawi. Bridge yogwedera imataya mawu kuposa thabwa lililonse. Lowetsani timitengo totokosera m'mano topaka guluu wa matabwa m'bowomo, dulani zotsalira, dikirani usiku umodzi, mumangenso.

Pamene thupi limalamuladi ndi pa magitala amphako. ES-175, imene Gibson idatulutsa mu 1949, ilibe chipika mkati. Pamwamba pake pamagwedezeka limodzi ndi bridge ndi ma pickup omwe, choncho noti imayamba yonenepa n'kuzima msanga, ndipo mukakweza voliyumu gitala imayamba kulira yokha. ES-335 ya 1958 idaikidwa chipika cha maple pakati kuti zimenezi zichepe. Humbucker imodzi pa magitala awiriwa ndi pa Les Paul imapereka mawu atatu osiyana, koma chasiyanitsa ndi kamangidwe, osati dzina la mtengo.

Posankha pickup, imbani gitala isanalumikizidwe mumve khalidwe lake. Ngati njotsekeka kale, pickup ya waya wambiri ngati JB ya Seymour Duncan, ya ma ohm pafupifupi 16k, idzaonjezera matope. Yopepuka ya 7.5k mpaka 8.5k, yofanana ndi zimene Seth Lover adapangira Gibson zoyamba kuoneka pa Les Paul mu 1957, idzaitsegula. Koma ma ohm si muyeso wa mphamvu. Waya woonda kwambiri amakweza nambala popanda kukweza mawu, ndipo maginito a ceramic amakankha kuposa Alnico 2 pa waya yemweyo. Yezaninso mpata kuchokera pa nsambo yoyamba kufika pa yomaliza pa bridge: humbucker wamba ndi ya pafupifupi mamilimita 50, pamene bridge ya tremolo (ya masipuling'i, ngati ya Strat) imafuna ya 53.

Kuti muyerekeze mwachilungamo, ikani nsambo zatsopano za mtundu umodzi, chingwe chimodzi, kutalika kofanana, mujambule mawu, kenako mufananitse voliyumu ya zojambulazo. Chimene chikumveka mokweza pang'ono chimaoneka chokoma nthawi zonse. Wina akuseweretseni inu musakudziwa kuti iyi ndi iti.

Mukamanga pickup yatsopano n'kupeza kuti switch ikakhala pakati mawu akuonda ngati otulukira m'mphuno, si thabwa, ma pickup awiriwo akutsutsana. Mitundu ya mawaya imasiyana kampani ndi kampani. Pa Seymour Duncan wakuda ndiye wa moto, wobiriwira wa ground, wofiira ndi woyera amalumikizidwa pamodzi. Pa DiMarzio wofiira ndiye wa moto, wobiriwira wa ground, wakuda ndi woyera pamodzi. Sinthanitsani waya wa moto ndi wa ground pa pickup imodzi yokha, waya wopanda chikopa uja akhalebe ku ground.

Pickup ikamalira kuti tswii mukakweza gain, ngakhale mutagwira nsambo zonse, waya wamkati kapena chivindikiro chikugwedera. Igogodeni ndi chikhadabo: ikamveka mokweza m'sipika, ikufunika phula. Sungunulani magawo 8 a phula la parafini ndi magawo 2 a phula la njuchi m'chitini chokhala m'madzi otentha, osati pamoto penipeni chifukwa limayaka. Lisapitirire madigiri 65, apo ayi pulasitiki ya pickup ipindika. Iviikeni mphindi 10 mpaka 20 kufikira thovu litasiya kutuluka, muivuule, muipukute, muisiye izizire yokha musanaimangenso.