Momwe ndinayambira maphunziro ku Göttingen ndikukhala pakhomo pa banja lachijeremani

Munthu akalandira kalata yoti yunivesite ya ku Germany yamupatsa malo, amaganiza kuti chomwe chatsala n'kukwera ndege ndi kukakhala pansi m'kalasi. Komatu pakati pa bwalo la ndege ndi kalasi pali mapepala angapo oyenera kuwatsata mwandondomeko, ndipo pepala lililonse limadikira linzake, moti ukalumpha limodzi ena onse amaima. Ine ndinapita m'chaka cha 2024 kukachita digiri yachiwiri ya zaulimi pa Georg-August-Universität, yunivesite ya mumzinda wa Göttingen m'chigawo cha Niedersachsen, yomwe inatsegulidwa m'chaka cha 1737. Sindinapeze malo m'nyumba zogona ophunzira, choncho ndinafikira kwa banja lina la anthu achikulire omwe ana awo anakula n'kuchoka pakhomo, ndipo anandipatsa chipinda cham'mwamba. Ndikufotokoza izi motsatira momwe zinayendera, chifukwa ndinapeza kuti pafupifupi chilichonse chinkayambira pakhomo pomwe ndinkagonapo.

Lamulo la dzikolo limanena kuti aliyense amene wasamukira m'nyumba ina akalembetse ku ofesi ya mzinda pasanathe masabata awiri. Kulembetsaku amakutcha Anmeldung, ndipo sikutheka popanda chikalata chotchedwa Wohnungsgeberbestätigung, chomwe amasaina ndi amene wakupatsa malo ogona, kutsimikiza kuti ukukhaladi pamenepo kuyambira tsiku lakuti. Anzanga ena omwe anafikira m'mahotela kapena kwa anzawo mongogonera anachedwa kwambiri pa sitepe imeneyi, chifukwa analibe wowasainira. Kwa ine, mayi a pakhomopo anali atasindikiza kale fomuyo ndisanafike, ndipo m'mawa wotsatira anaiika pathebulo pambali pa kapu ya khofi, n'kundipempha kuti ndiwawerengere dzina langa chilembo ndi chilembo monga linalembedwera m'pasipoti. Tinasungitsa nthawi pa intaneti, ndipo tsiku litakwana ndinapita ku Neues Rathaus ndi pasipoti pamodzi ndi chikalatacho. Pafomu ya kumeneko pali funso la chipembedzo, ndipo ndi bwino kudziwiratu kuti yankho lake limakhudza msonkho wa mpingo womwe Akatolika ndi a mpingo wa Evangelische amadulidwa akayamba kulipira msonkho wa pamalipiro. Ndinatuluka ndi pepala limodzi lokha lotsimikiza keyala yanga, ndipo pepala limeneli ndi lomwe linkafunsidwa kulikonse komwe ndinapita pambuyo pake.

Madzulo a tsiku lomwelo bambo a pakhomopo anachita chinthu chomwe poyamba ndinachiona ngati chaching'ono. Anatenga kapepala, analembapo dzina la bambo anga ndi zilembo zikuluzikulu, anakadula bwinobwino ndi sizasi, kenako anatuluka nako panja n'kukamata pa bokosi la makalata pansi pa dzina lawo. Anandiuza kuti wopereka makalata amayang'ana dzina, ndipo akapanda kulipeza pabokosi kalatayo imabwerera komwe yachokera. M'masabata otsatira ndinamvetsa chifukwa chake anafulumira, pakuti nambala ya msonkho, khadi la ku banki, nambala yachinsinsi ya khadilo yomwe imabwera m'envulopu yakeyake, ndi khadi la inshulansi ya zaumoyo, zonsezi zinabwera kudzera m'bokosi limenelo. Germany ndi dziko lomwe likadali kudalira kwambiri makalata a pamanja, ndipo wophunzira amene dzina lake silili pabokosi amatha kudikira mwezi wathunthu chinthu chomwe chinatumizidwa kalekale.

Nkhani ya ndalama ndiyo inatsatira. Wophunzira wochokera kunja kwa mayiko a European Union amayenera kusonyeza kuti ali ndi chodzisamalira, ndipo njira yodziwika kwambiri ndi akaunti yotsekedwa yotchedwa Sperrkonto. Kuyambira mu Seputembala 2024 ndalama zofunika m'akauntiyi zinali mayuro 11,904 a chaka chonse, ndipo zimatuluka mayuro 992 okha pamwezi. Amene ali ndi thandizo la bungwe ngati DAAD, lomwe limapereka ndalama za maphunziro kwa ophunzira ochokera kunja, amaonetsa kalata ya thandizolo m'malo mwake. Chomwe ambiri sachidziwa n'chakuti ndalama za mu Sperrkonto sungazigwiritse ntchito mwachindunji: zimayenera kusamutsidwira ku akaunti wamba ya banki, ndipo banki imafuna keyala yolembetsedwa. Pachifukwa ichi ndimalangiza aliyense kuti anyamule ndalama zapamanja zokwanira masabata oyamba, chifukwa pamakhala mpata pakati pa kufika ndi kulandira gawo loyamba.

Inshulansi ya zaumoyo ndi lamulo, ndipo yunivesite simaliza kukulembetsa popanda iyo. Ophunzira osakwana zaka 30 amalowa m'inshulansi ya boma pamtengo wa ophunzira kudzera m'mabungwe monga TK kapena AOK, ndipo bungwelo ndi lomwe limatumiza uthenga ku yunivesite pa kompyuta kuti munthuyu ali m'kaundula wawo. Kenako pamabwera Semesterbeitrag, ndalama zolipira pa semesita iliyonse. Si fizi ya maphunziro, pakuti chigawo cha Niedersachsen chinathetsa fizi yotereyi m'chaka cha 2014. Ndi mayuro mazana angapo omwe amapita ku bungwe losamalira ophunzira, ku ntchito za mu ofesi, ndi ku tikiti yoyendera pa basi ndi sitima. Amene akusankhabe kopita adziwe kuti si zigawo zonse zili chonchi, chifukwa ku Baden-Württemberg ophunzira ochokera kunja kwa European Union amalipira mayuro 1,500 pa semesita kuyambira m'chaka cha 2017. Ndalama zanga zitafika ndiponso uthenga wa inshulansi utalandiridwa, ndinapatsidwa nambala ya wophunzira, khadi lokhala ndi chithunzi changa, ndi mawu achinsinsi olowera pa makina a yunivesite.

Semesita ya nyengo yozizira imayamba pa 1 Okotobala n'kutha pa 31 Malichi, koma makalasi enieni amayamba mkati mwa Okotobala n'kutha kumayambiriro kwa Febuluwale. Asanayambe pamakhala masiku olandira atsopano, omwe ku Göttingen amawatcha O-Phase, ndipo ophunzira akale ndi amene amakuzungulitsa. Ndimaona kuti masiku amenewa sayenera kuphonyedwa ngakhale munthu atatopa chotani, chifukwa ndi pomwe ndinaonetsedwa nyumba yaikulu ya makalasi yotchedwa ZHG, laibulale ya SUB, ndi Zentralmensa komwe ophunzira amadyera pamtengo wotsika polipira ndi khadi lomwe lija. Chofunika koposa, ndi pomwe ndinauzidwa kuti palibe amene adzandipatse ndandanda ya makalasi.

Apa ndi pomwe pali kusiyana kwakukulu ndi zomwe ndinazolowera kwathu, komwe kalasi yonse imayendera limodzi ndipo ndandanda imamatidwa pabolodi. Ku Göttingen wophunzira amatenga buku la malamulo a pulogalamu yake pamodzi ndi mndandanda wa mamodyulo, omwe ndi maphunziro osiyanasiyana a m'pulogalamuyo, n'kudzipangira yekha sabata yake. Digiri yachiwiri imafuna makirediti 120 m'masemesita anayi, kutanthauza makirediti 30 pa semesita, ndipo kirediti imodzi imawerengedwa ngati maola 30 a ntchito, kuphatikizapo kuwerenga pawekha. Mamodyulo ambiri a pulogalamu yathu ya zaulimi anali a makirediti 6, choncho ndinkafunika asanu. Ndinakhala pathebulo la m'khitchini ndi pepala lalikulu lojambulidwa mizere, ndikufufuta ndi kulembanso, chifukwa mamodyulo awiri omwe ndinkawafuna ankagundana Lachiwiri m'mawa, ndipo ina inkaphunzitsidwa m'nyengo yotentha yokha. Ndikasankha ndinkalembetsa pa Stud.IP, makina omwe aphunzitsi amaikapo zowerenga ndi zidziwitso. Modyulo imodzi imatha kukhala ndi magawo osiyana: Vorlesung, momwe pulofesa amaphunzitsa gulu lalikulu, Seminar, momwe ophunzira ochepa amakambirana ndi kufotokoza zomwe awerenga, ndi Übung, momwe timayeserera masamu kapena ntchito ya mu labu.

Pa ndandanda pamalembedwa timawu tiwiri toyenera kutidziwa. Kalasi yolembedwa kuti 10 c.t. imayamba nthawi ya 10:15, pomwe yolembedwa kuti 10 s.t. imayamba 10 koloko yeniyeni. Bambo a pakhomopo, omwe anaphunzirapo pa yunivesite yomweyo ali mnyamata, ndi amene anandiunikira zimenezi tikudya. Anandichenjezanso kuti ndisadzadabwe kumapeto kwa kalasi, ndipo zinachitikadi: pulofesa atangomaliza mawu ake otsiriza, anthu onse m'chipinda chachikulucho anakunga zibakera n'kuyamba kugogoda pamadesiki, phokoso lotsika lomwe linatenga kamphindi n'kuleka. Umo ndi momwe ophunzira a kumeneko amathokozera mphunzitsi, m'malo mowomba m'manja.

Chinthu chomwe ndimafuna wophunzira aliyense watsopano atachimva kawiri ndi ichi: kulembetsa kalasi si kulembetsa mayeso. Ungathe kupita ku kalasi semesita yonse osajomba, koma ngati sunalowe pa makina ena otchedwa FlexNow n'kulembetsa mayeso a modyuloyo nthawi yake isanathe, dzina lako silikhala pa mndandanda ndipo suloledwa kulemba. Palibe amene amakuimbira foni kukukumbutsa. M'makalasi ambiri a gulu lalikulu salemba n'komwe amene wabwera, ndipo m'mamodyulo ena mulibe timayeso ta pakati, kotero kuti magiredi onse amachokera pa mayeso amodzi a kumapeto. Ufulu umenewu ndi wokoma, koma ndinaona anzanga anzeru ndithu akupanikizika mu Januwale chifukwa choti Novembala yense anamuona ngati wopanda ntchito. Magiredi nawo amawerengedwa mosiyana: 1.0 ndiye wapamwamba kwambiri, 4.0 ndi wongokhoza, ndipo 5.0 ndi kulephera.

Pepala lomaliza linali chilolezo chokhalira m'dzikomo. Viza yomwe munthu amalowera imakhala ya miyezi yochepa, ndipo isanathe ayenera kupempha Aufenthaltstitel ku ofesi yoona za alendo. Kumeneko ndinapereka zonse zomwe ndatchula kale, ndicho chifukwa chake sitepe iyi imabwera pamapeto: umboni wa keyala, wa inshulansi, wa ndalama, ndi wakuti ndine wophunzira, pamodzi ndi chithunzi ndi zidindo za zala. Chilolezocho chimalola wophunzira kugwira ganyu masiku athunthu 140 kapena matheka 280 pachaka, malinga ndi lamulo lomwe linayamba kugwira ntchito mu Malichi 2024.

Pamene zonsezi zinkachitika, ndinkaphunziranso kukhala m'nyumba ya eni. Tinagwirizana kuyambira pachiyambi za ndalama ya chipinda, masiku odyera limodzi, ndi tsiku langa logwiritsa ntchito makina ochapira, ndipo ndimakhulupirira kuti kulankhulana mosabisa kotereku n'komwe kunasunga mtendere. Ife timazolowera kukana kaye mwaulemu tisanalandire chakudya, koma kumeneko ukakana kamodzi mbale imachotsedwa, ndipo palibe amene wakhumudwa. Chakudya chamadzulo nthawi zambiri chinali buledi, tchizi ndi nyama yozizira, choncho ndinazolowera kudya chotentha masana ku Mensa. Kuyambira 10 koloko usiku mpaka 6 koloko m'mawa ndi nthawi ya bata, zomwe zinandikakamiza kusamutsira mafoni akumudzi ku nthawi ya madzulo. Lamulungu masitolo amakhala otseka. Zinyalala zimasankhidwa, mapepala paokha, mapulasitiki paokha, zoola paokha, ndipo mabotolo apulasitiki okhala ndi chizindikiro amabwezedwa kusitolo n'kulandira masenti 25 pa botolo. Panalinso phindu lomwe sindinaliyembekezere: ndalama ya wailesi ndi kanema ya mayuro 18.36 pamwezi imalipiridwa pa nyumba osati pa munthu, ndipo kalata yake itandipeza, mayi anangondipatsa nambala yawo yolipirira kuti ndilembe pafomu.

Chinandivuta kwenikweni chinali maitanidwe. Patapita nthawi pang'ono mayi anandiuza kuti ndisiye mawu aulemu akuti Sie ndipo ndiziwatchula dzina lawo loyamba, zomwe kwa iwo n'chizindikiro choti andilandira ngati wa pabanja. Ndinawafotokozera kuti kwathu mwana satchula dzina la munthu wamsinkhu wa mayi ake, ndipo anamvetsa n'kundipatsa nthawi yoti ndizolowere. Ku yunivesite kokha ndinasungabe ulemu wonse, polembera aphunzitsi ndi maudindo awo pokhapokha iwo eni atanena zina.

Kumapeto kwa Okotobala mawotchi anabwezedwa ndi ola limodzi, ndipo pofika mu Disembala kunja kunkada isanakwane 5 koloko madzulo. Nyengo imeneyi imalemera kwa munthu wokulira pa dzuwa la kwathu, ndipo ndimanena mosakayika kuti kukhala ndi anthu ondifunsa momwe kalasi yayendera kunandithandiza kuposa china chilichonse. Bambo anandikonzera njinga yakale ya mwana wawo, anayesa magetsi ake onse awiri chifukwa apolisi amalipiritsa wokwera njinga yopanda magetsi usiku, ndipo ndi njinga imeneyo yomwe ndinkapitira ku makalasi a 8 koloko kukadali mdima. Loweruka lina ndinagula ufa wa chimanga m'sitolo ya zakudya za ku Africa n'kuwaphikira nsima ya nkhuku ndi masamba, ndipo kuyambira pamenepo tinkadya nsima kamodzi pamwezi.

Semesita yoyamba isanathe pamabwera ntchito ina yomwe ndi yosavuta kuiiwala chifukwa imagwa m'nyengo yokonzekera mayeso. Imatchedwa Rückmeldung, ndipo ndi kungolipira Semesterbeitrag ya semesita yotsatira m'nthawi yoikika, kusonyeza kuti ukupitiriza maphunziro. Wosalipira amachotsedwa m'kaundula wa yunivesite, ndipo popeza chilolezo chokhalira m'dzikomo chimadalira kukhala wophunzira, vutolo limafika mpaka ku ofesi yoona za alendo. Ine ndinapatula ndalamazo pang'onopang'ono kuchokera pa mayuro 992 a mwezi uliwonse, ndinalipira uthenga wake utangofika, kenako ndinapita pa makina a ku yunivesite kukadinditsa khadi langa kuti lisonyeze semesita ya nyengo yotentha yoyamba pa 1 Epulo.