Loweruka la chokoleti chopanda shuga

M'mawa ndisanayatse n'komwe moto, ndinayamba ndawerenga pepala lokutira chokoleti cha mkaka chogula chimene chinatsala mukabati. Pa magalamu 100 alionse, shuga yekha amaposa magalamu 50. Ndiye kuti theka la chinthu chimene timachitcha chokoleti ndi shuga basi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2015 kuti shuga wothira m'zakudya asamafike 10 peresenti ya mphamvu zimene munthu amapeza m'chakudya cha tsiku lonse, ndipo linati ndi bwino koposa akatsika mpaka 5 peresenti, amene ndi magalamu pafupifupi 25, kapena kuti masupuni a tiyi 6. Ukadya theka la chokoleti cha magalamu 100, gawo lako la tsiku lonse latheratu.

Achemwali anga anauzidwa ndi adokotala kuti achepetse shuga ndi zakudya za sitachi. Zina zonse anasiya mosavuta, koma pa chokoleti m'pamene anakakamira. Anali atandiuza kuti abwera madzulo, choncho tsiku lonse ndinalipereka kukhitchini.

Patebulo ndinaika sikelo, themomita ndi izi: mafuta a koko magalamu 100, ufa wa koko wosathira kanthu magalamu 60, erythritol magalamu 40, stevia wa ufa wongokwana pansonga ya mpeni (ziwirizi ndi zotsekemeretsa zolowa m'malo mwa shuga), vanila wa ufa ndi kamchere. Mcherewu musaupeputse. Popanda iwo chokoleti chotere chimangowawa kenako mkamwa n'kutsala zii.

Ntchito yoyamba, imenenso inandidyera nthawi kuposa zonse, inali yogaya erythritol. Anthu ambiri amaganiza kuti shuga amangotsekemeretsa, ndiye ukamuchotsa ungoikapo chotsekemera china nkhani n'kutha. Ayi ndithu. Shuga ndi amene amapatsa chokoleti thupi, ndipo chilichonse chimene mungalowetse m'malo mwake chiyenera kukhala chosalala palilime. Vuto n'lakuti shuga ngakhalenso erythritol sasungunuka m'mafuta. Amasungunuka m'madzi, koma m'chokoleti mulibe madzi. Choncho timibulu take timangokhala momwemo mmene tinaloweramo, kaya mutakase mpaka mkono uwawe. Lilime limayamba kumva kukhakhala timibulu tikaposa pafupifupi ma micron 30, ndipo micron imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. M'mafakitale amathetsa vutoli ndi makina ogaya mosalala kwambiri, kenako makina ena otakasa chokoleti kwa maola ambirimbiri, amene Rodolphe Lindt anatulukira ku Bern mu 1879. Ine ndili ndi kachigayo ka khofi ndi sefa basi.

Ndinagaya, n'kudikira kuti fumbi likhazikike ndisanatsegule chivundikiro, n'kusefa, zotsala pasefa n'kubwezanso m'chigayo. Ndinabwereza mpaka ufa ukaupekesa ndi zala sunkamvekanso kukanda. Ndinapatula dala supuni imodzi ya erythritol wosagaya kuti ndipange nayo kachidutswa kamodzi kofanizira, chifukwa ndinkafuna kuti achemwali adzimvere okha kusiyana kwake, asamadzati ndimangodzivutitsa.

Mafuta a koko ndinawadula tizidutswa n'kuwaika m'mbale yachitsulo pamwamba pa poto wa madzi otentha, mbaleyo osakhudza madzi. Moto unali wochepa kwambiri moti madzi sankabwata. Apa m'pofunika maso. Dontho limodzi la madzi, ngakhale nthunzi yochokera m'mbali mwa poto, likagwera mutathira kale ufa wa koko, chokoleti chonse chimagwirana n'kukhala chibuma chosatakasika. Madzi ochepawo amanyowetsa timibulu touma tija n'kutimata pamodzi. N'chifukwa chake ndinasankha stevia ndi vanila wa ufa, osati wamadontho uja, poti wambiri mwa iye amakhala ndi madzi kapena mowa. Supuni, zikombole ndi themomita zonse ndinazipukuta n'kuziyanika zisanayandikire mbale.

Themomita itafika madigiri 45 ndinachotsa mbale pamoto, n'kupukuta kunsi kwake, n'kusefera momwemo ufa wa koko, erythritol, stevia, vanila ndi mchere. Kafungo kake kanadzaza nyumba yonse.

Kenako panabwera gawo limene ambiri amalidumpha. Mafuta a koko akamauma amatha kugwirana m'njira 6 zosiyanasiyana, ndipo imodzi yokha, imene akatswiri amaiwerenga kuti yachisanu, ndi imene imapereka chokoleti chowala, cholimba, chothyoka kuti thyo. Zambiri mwa njira zinazo zimatulutsa chokoleti chofewa, chosungunukira m'zala, chimene pakapita masiku chimachita mawanga otuwa pamwamba. Mawangawo si nkhungu, ndi mafuta amene atulukira pamwamba, ndipo kudya n'kotheka, koma maonekedwe ake ndi osasangalatsa. Kuti mupeze njira yabwinoyo mumatsitsa kutentha mpaka madigiri 27 uku mukutakasa osaleka, kenako n'kukwezanso pang'ono mpaka 31 kapena 32. Pa 27 paja timibulu ta mafuta tabwino ndi toipa tomwe timayamba kupangika. Mukakweza kufika 31, toipa timasungunuka n'kutsala tabwino tokha, ndipo ndi timeneti timatsogolera mafuta ena onse pouma. Mukapitirira 34 ndiye kuti tabwinonso tapita, muyambirenso.

Ndinakhazika mbale pansalu yonyowa ndi madzi ozizira n'kumatakasa. Kuchokera pa 45 kufika pa 35 zinkatsika msanga, koma kuchoka apo nambala inkachita kukwawa. Cha m'ma 28 chokoleti chinayamba kulemera pasupuni, mzere umene supuni inkasiya sunkatsekekanso msanga, ndipo m'mphepete mwa mbale munayamba kuoneka kakhungu kouma. Ndinabwezera mbale pa poto kwa masekondi ochepa chabe, kuchotsa, kutakasa, kuyang'ana themomita, kubwezeranso. Itafika 31 ndinaviika nsonga ya mpeni n'kuusiya patebulo. Patangopita mphindi zochepa chokoleti cha pampenipo chinali chitauma, chowala, chopanda mizere. Ndinathira m'zikombole za silikoni, zina ndikuponyamo tizidutswa ta mtedza wa almond wokazinga, n'kumenyetsa zikombolezo patebulo kuti mpweya utuluke.

Pali njira yachidule, ndipo sindikuinyoza: kusakaniza mafuta a kokonati ndi ufa wa koko n'kuika mufiriji. Zimatenga mphindi 10. Koma mafuta a kokonati amasungunuka pa madigiri 24, pamene a koko amapirira mpaka cha m'ma 34, pafupi ndi kutentha kwa thupi la munthu. Za kokonati zikangotuluka mufiriji zimafuna kudyedwa pompopompo, simunganyamule m'chikwama kupita nazo kuntchito.

Podikira kuti ziume ndinatsuka ziwiya uku ndikuganiza kuti zimene ndikuchitazi n'kubwezeretsa pamodzi zinthu zimene makina analekanitsa. Mu 1828 a banja la van Houten ku Amsterdam anatenga chilolezo cha makina ofinya nyemba za koko, mafuta n'kupita kwaokha, chotsalacho n'kugayidwa kukhala ufa. Mu 1847 kampani ya J. S. Fry & Sons ya ku Bristol inasakaniza ufa, mafuta ndi shuga n'kupanga chokoleti cholimba chodya pamanja. Koma zaka mazanamazana izi zisanachitike, Amaya ndi Aaziteki a ku Mexico ndi Central America ankamwa koko wowawa, nthawi zambiri wothira tsabola, ndipo shuga wa nzimbe sankamudziwa. Ndiye amene amati chokoleti chopanda shuga ndi zachilendo za masiku ano, nkhani aiyambira pakati.

Masana ndinapanga mtundu wachiwiri, timipira tofewa tija totchedwa truffle. Ndinatenthetsa kirimu mamililita 120, n'kusungunuliramo erythritol, n'kuthira pa magalamu 150 a chokoleti cha koko yekhayekha chodulidwa tizidutswa. Ndinachisiya mphindi ziwiri osachigwira, kenako n'kutakasa kuyambira pakati. Chodabwitsa n'chakuti madzi amene m'mawa ndinkawaopa ndi amene akugwira ntchito tsopano. Dontho limaumitsa chokoleti, koma madzi okwanira amachititsa kuti timibulu tonse tisambiremo momasuka, ndipo erythritol amasungunukiratu. Kwa munthu amene akuyamba kumene, ndinganene kuti ayambire pamenepa. Palibe themomita, palibe kugaya. Zitalimba mufiriji ndinaumba timipira ndi manja ozizira n'kutigubuduza mu ufa wa koko.

Achemwali atafika sanakhale n'komwe pansi.

"Ndiye zili kuti zinthuzo?"

Ndinayamba ndawapatsa kachidutswa ka erythritol wosagaya kaja, osawauza kanthu. Anatafuna kawiri n'kukwinya nkhope.

"Iwe, ichi chikumveka ngati mwathira mchenga. Ndi chimenechi wandiitanira?"

"Lawaninso ichi, achemwali. Koma musatafune, chisiyeni chisungunuke chokha."

Anakhala chete kwa kanthawi. Kenako anati chachiwirichi n'chosalala, koma chikuzizira mkamwa. Sananame. Erythritol akamasungunuka ndi malovu amayamwa kutentha, n'chifukwa chake amamukonda m'maswiti a minti ndi m'chingamu. M'chokoleti kuziziraku kumakhala kwachilendo. Kutsekemera kwake ndi pafupifupi 70 peresenti ya kwa shuga, ndiye munthu amafuna kuwonjezera, koma ukawonjezera kuzizira nakonso kumakula. M'pake kumuthandiza ndi stevia, amene amachokera ku masamba a kachitsamba ka ku Paraguay ndi Brazil, ndipo amatsekemera kuwirikiza ka 200 kapena 300 kuposa shuga. Naye ali ndi khalidwe lake: akachuluka pang'ono chabe amasiya kuwawa kukhosi kumene kumachedwa kuchoka. Awiriwa amabisirana zofooka akakhala ochepa onse.

"Ukanawonjezerako pang'ono kutsekemera," anatero, dzanja lili kale pa kachidutswa ka almond.

Ndinakana. Maganizo anga ndi akuti amene akufuna kuti chokoleti chopanda shuga chikome ndendende mofanana ndi chogula cha mkaka adzakhumudwa nthawi zonse, chifukwa akamathamangitsa kutsekemerako amangokolola kuzizira ndi kuwawa kwa kukhosi. Bola kuchisiya chiwawe pang'ono mwa koko weniweni. Iwo anati ndikulankhula choncho chifukwa khofi ndimamwa wosathira kanthu. Mwina n'zoona. Timipira tija tokha sitinatsutsane, anangofunsa ngati tatsala tina mufiriji.

Anandifunsanso chifukwa chake sindinangowagulira cholembedwa kale kuti n'chopanda shuga. Zambiri mwa zimenezo amazitsekemeretsa ndi maltitol. Maltitol amapanga chokoleti chosalala bwino, n'chifukwa chake mafakitale amamukonda, koma amakwezabe shuga wa m'magazi ngakhale kuti safika pa shuga weniweni, ndipo ukadya wambiri m'mimba mumabangula n'kutsegula. Erythritol wambiri amalowa m'magazi n'kutuluka ndi mkodzo osasintha, choncho shuga wa m'magazi samukweza. Komabe ndinawauza kuti akapitanso kwa adokotala akatchule kuti akudya zimenezi. Mu 2023 ofufuza a ku Cleveland Clinic anafalitsa zotsatira zosonyeza kuti anthu amene anali ndi erythritol wambiri m'magazi ankapezeka kawirikawiri ndi mavuto a mtima ndi sitiroko. Ambiri mwa anthuwo anali kale pachiopsezo cha matendawa, ndipo akatswiri akukambiranabe tanthauzo lake, koma munthu amene akusamala za shuga ayenera kuimva nkhaniyi. Chaka chomwecho WHO inalangizanso kuti zotsekemeretsa zopanda shuga, kuphatikizapo stevia, zisamadaliridwe pofuna kuchepetsa thupi.

Atapita ndinakhala pansi ndi cholembera. Zonse pamodzi zinakwana magalamu 200, tizidutswa 20 ta magalamu 10. Ufa wa koko uli ndi ma carbohydrate ndithu (gulu la shuga ndi sitachi), koma oposa theka lake ndi fibre amene thupi siligaya, moti pa magalamu 60 aja otsala ndi pakati pa 13 ndi 15. M'kachidutswa kalikonse kopanda mtedza, otsalawo safika galamu imodzi. Mbali ya makalori ndiye ina. Galamu ya mafuta imapereka makalori 9 pamene ya shuga imapereka 4, ndipo theka la chokoleti changa ndi mafuta. Nditawerengera ndinapeza makalori opitirira pang'ono 500 pa magalamu 100, pafupifupi chimodzimodzi ndi chogula chija. Ndawalembera uthenga kuti tiwiri patsiku n'tokwanira, ndipo ayankha ndi kachithunzi koseka.

Tizidutswa tolimba ndatiika m'kabokosi kotseka bwino pamalo ozizirira, osati mufiriji, chifukwa tikatuluka mufiriji timachita thukuta ndipo chinyonthocho chimawononga kuwala kwake. Timipira ta kirimu tokha tili mufiriji ndipo tiyenera kutha m'masiku ochepa, poti erythritol akakhalitsa pozizira amayambanso kugwirana timibulu. Bokosi ndalikweza pashelefu yapamwamba chifukwa cha galu. Koko ali ndi mankhwala achilengedwe otchedwa theobromine, amene ndi poizoni kwa agalu chifukwa amachedwa kumuchotsa m'thupi, ndipo chokoleti chakuda chotere chili naye wambiri kuposa cha mkaka. Amene amagwiritsa ntchito chotsekemeretsa china chotchedwa xylitol m'malo mwa erythritol asamale kawiri, chifukwa ngakhale wochepa angathe kupha galu.

Ulendo wina ndidzatsitsa erythritol kufika pa magalamu 30 n'kuwonjezera almond wogaya kuti thupi la chokoleti lisachepe. Mafuta a almond amafewetsa chokoleti, ndiye ndidzayamba ndi theka la muyeso wa lero kuti ndione ngati chidzathyokabe bwino.