Ndi ana a Fomu 3 kuchokera ku Mbombwe mpaka ku Zomba

Ana anga a Fomu 3 ndi akatswiri pa kuloweza. Ukawafunsa nthambi zitatu za boma amayankhira limodzi ngati kwaya: Nyumba ya Malamulo, mtsogoleri wa dziko ndi nduna zake, ndi makhoti. Ukawafunsa tsiku limene John Chilembwe anaukira atsamunda, sachedwa: pa 23 Januwale 1915. Koma nditawafunsa kuti bamboyu ankadandaula chiyani kwenikweni, ndipo madandaulo akewo akanakawatula kwa yani, m'kalasi munangoti zii. Ndi zimene zinandipangitsa kuti ndikambirane ndi aheditichala komanso makolo, tisonkhe kangachepe, tichite hayala kosita, anawa akaone okha malo amene amangowamva m'manotsi.

Tinanyamuka ku Limbe dzuwa lisanatenthe, kudzera msewu wa Midima, n'kukhotera pa Nguludi. Anawa Nguludi amaidziwa chifukwa cha chipatala ndi yunivesite ya Akatolika basi. Ndinawauza tili m'galimoto momwemo kuti mishoni imeneyi inaotchedwa ndi anthu a Chilembwe pa 26 Januwale 1915, ndipo wansembe amene anamupeza pamalopo anamuvulaza kwambiri. Mtsikana wina wa Chikatolika anatembenuka n'kundiyang'anitsitsa. Ndinaona kuti tsikuli silikhala lophweka, ndipo ndinakondwera.

Ku Mbombwe, pa Providence Industrial Mission, kumene aliyense amangoti ku PIM, tinalandiridwa ndi mkulu wina wa mpingo, bambo wachikulire wolankhula mosathamanga. Poyamba anationetsa tchalitchi chimene chilipo lero, kenaka anatitengera pa zotsalira za tchalitchi chakale, chimene Chilembwe ndi anthu ake anamanga ndi njerwa n'kuchimaliza mu 1913. Asilikali a boma anachiphulitsa ndi mabomba kuukira kuja kutalephera. Mnyamata wina anawerama kuti atole kachidutswa ka njerwa akaonetse kwawo. Bambo aja anangomugwira paphewa. "Mwanawe, aliyense wobwera pano akamatolako kamodzi, adzukulu ako adzaona chiyani?" Anakabwezera pamalo pake ali ndi manyazi.

Mbiri ya munthuyu ana ambiri amaiyambira kumapeto, pa magazi. Ine ndinafuna ayambire pa sukulu. Chilembwe anayamba kugwira ntchito kwa mmishonale Joseph Booth mu 1892. Mu 1897 anapita naye ku America, kumene anakaphunzira zaubusa ku Lynchburg, m'chigawo cha Virginia, pa koleji ya anthu akuda. Atabwerera kuno mu 1900 anayambitsa mishoniyi mothandizidwa ndi mpingo wa National Baptist Convention. Anatsegula masukulu m'midzi yozungulira, ankalimbikitsa ulimi, ukhondo ndi kuvala bwino, ndipo mkazi wake Ida ankaphunzitsa amayi kusoka. Kwa zaka zoposa khumi munthuyu anali m'busa ndi mphunzitsi, wopanda mfuti m'manja.

Zithunzi za nthawi imeneyo zimaonetsa Chilembwe ali mu suti yooneka bwino, tayi pakhosi. Pa chithunzi chimodzi chotchuka waima ndi mnzake wachizungu, John Chorley, chipewa chili kumutu. Anawo sanaone chachilendo mpaka nditawafotokozera kuti masiku amenewo munthu wakuda akakumana ndi mzungu pamsewu ankayenera kuvula chipewa, apo ayi akanatha kulandira chikoti. Chiboliboli chotengera chithunzi chomwechi chinaimikidwa pa Trafalgar Square ku London mu 2022. Mnyamata wina amene sasiyana ndi kapusi yake anaigwira n'kuikanikiza kumutu, anzake n'kuseka.

Pa nkhani ya thangata mpamene tinakhalitsa, chifukwa m'buku lawo ili ndi mizere yochepa chabe. Tinakhala pansi pa mtengo, ndipo ndinawapempha aganize za banja la Chilomwe limene lathawa njala ndi nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique, lafika kuno, lapeza kuti malo achonde onse ali m'manja mwa eni esiteti. Kuti amange kanyumba ndi kulima kamunda, bambo ayenera kugwira ntchito kwa mwini malo m'malo mwa lendi, ndiponso kuti alipire msonkho wa nyumba umene boma likufuna. Pa pepala inali miyezi iwiri pa chaka. Koma wowerenga masiku anali kapitawo wa bwana yemweyo, choncho mwezi unkatalika mmene bwana wafunira, ndipo ntchitoyo inkafunika kwambiri nthawi ya dzinja, pomwe munda wa mwini wake ukufunanso khasu. Ku Magomero, pa minda ya A. L. Bruce Estates, woyang'anira anali William Jervis Livingstone, amene anatchuka ndi nkhanza. Matchalitchi a udzu amene anthu a PIM ankamanga pa esiteti ankawaotcha.

"Nanga sala, sakanakasuma kwa DC?" anafunsa mtsikana wina.

Ndinamuuza kuti funso limenelo aligwire bwino, tikaliyankha ku Zomba.

Kenaka kunabwera nkhondo yoyamba ya dziko lonse, imene agogo athu ankaitcha Nkhondo ya Chiwaya. Sinachedwe kufika kuno, pakuti Tanganyika inali ya Ajeremani. Mu Ogasiti 1914 sitima ya Angerezi yotchedwa Gwendolen inaononga sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, kutsidya la nyanja yathu, ndipo mu Seputembala asilikali anamenyana koopsa ku Karonga. Ambiri mwa amene anagona pansi kumeneko, mbali zonse ziwiri, anali anthu akuda. Mu Novembala Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times. Mfundo yake inali yakuti pa nthawi ya mtendere zabwino zonse n'za azungu, koma nkhondo ikabuka akuti Afirika akakhetse magazi. Akamenye ndi anthu olemera, eni masitolo ndi eni malo, osati amphawi amene akafa amangosiya akazi amasiye ndi ana amasiye. Boma linaletsa kuti kalatayo ifalikire. Kwa ine, kalata imeneyi ndi yofunika kuposa usiku wa pa 23 Januwale, ndipo zimandiwawa kuti pa mayeso siifunsidwa kawirikawiri.

Za usikuwo sindinabise kanthu. Gulu lina linapita ku Magomero, linapha Livingstone n'kumudula mutu, ndipo azungu ena awiri, Duncan MacCormick ndi Robert Ferguson, anaphedwanso. Akazi ndi ana awo sanaphedwe, monga Chilembwe analamulira. Gulu lina linapita ku Blantyre kukathyola nyumba ya mfuti ya African Lakes Corporation ku Mandala, koma linangopezako mfuti zochepa. M'mawa mwake, Lamlungu, Chilembwe analalikira m'tchalitchi chija mutu wa Livingstone uli pamtengo. Mafumu ndi midzi imene ankayembekeza kuti idzuka sinadzuke. Pa 3 Febuluwale Chilembwe anawomberedwa cha ku Mulanje akulowera ku malire a Mozambique, ndipo anaikidwa mobisa. Anthu pafupifupi 40 ananyongedwa kapena kuwomberedwa atazengedwa milandu mwachangu, enanso mazana anatsekeredwa m'ndende. Mishoniyi inakhala yotseka mpaka 1926 pamene Dr Daniel Malikebu anadzaitsegulanso.

Mtsutso unabuka pomwepo. Mtsikana wa Chikatolika uja anati m'busa wolalikira pafupi ndi mutu wa munthu sangakhale ngwazi yake, ngakhale nkhope yake ili pa ndalama. Anyamata awiri anamulumphira, amvekere iwe ukanakhala kuti bambo ako akwapulidwa pamaso pako ukanatani. Wina anati cholakwika n'chakuti sanakonzekere bwino, osati kuti anapha. Bambo wa mpingo uja ankangomvetsera, manja ali kumbuyo. Ine sindinagamule. Maganizo anga ndi akuti mtsikanayo ali ndi ufulu wonyansidwa, ndipo mwana wokhoza kunena zimenezo ali pa PIM penipeni, mwaulemu, ndiye amene phunziro la Social likumulowa.

Tinadutsa pa boma la Chiradzulu n'kukatulukira mu msewu wa Blantyre–Zomba. Pa Namadzi ndinawalozera mbali ya ku Magomero, koma sitinakhote chifukwa adalaivala anali atayamba kale kuwerengera mafuta. Pa Thondwe tinaima, ana anathamangira pa chiwaya cha tchipisi, ena anagula chimanga chootcha ndi nthochi.

Polowa mu Zomba, pafupi ndi Cobbe Barracks, pali chipilala chachitali cha njerwa zofiira chokumbukira asilikali a King's African Rifles. Tinatsika. Anawo anayamba kuwerenga maina olembedwa pamenepo, akufunafuna ofanana ndi a kwawo, ndipo wina atapeza dzina longa la agogo ake anakuwa ngati wapambana mpikisano. Ndinawakumbutsa kuti awa ndi anthu amene Chilembwe ankanena m'kalata muja. M'nkhondo imeneyo amuna a dziko lino pafupifupi 19,000 analowa usilikali, ndipo ena pafupifupi 200,000 anatengedwa kukhala atengatenga, osenza katundu wa asilikali pamutu kudutsa m'tchire la Tanganyika ndi Mozambique. Ambiri anafera m'njira ndi njala, kamwazi ndi malungo. Atengatenga ochuluka chotere maina awo sanalembedwe paliponse. Tsiku limodzi lomwelo tinaona chikumbutso cha munthu wokana nkhondo ya mfumu ya ku England ndi cha anthu amene anafera mfumu yomweyo, ndipo onsewo ndi athu. Mwezi wa Novembala chaka chilichonse akuluakulu a boma amadzaika nkhata za maluwa pa chipilalachi, pa 15 Januwale, tsiku lokumbukira Chilembwe, n'kupita ku PIM.

Titakwera kumtunda, m'munsi mwa phiri, kumene kuli nyumba zakale za boma, ndinamuitana mtsikana wa funso lija. Zomba inali likulu kuyambira m'ma 1890 mpaka 1975 pamene likulu linasamukira ku Lilongwe. Khonsolo yopanga malamulo inakhazikitsidwa mu 1907, ndipo munali bwanamkubwa, akuluakulu a boma lake ndi azungu angapo osankhidwa ndi iye yemweyo. Woyankhulira anthu akuda anali mmishonale wachizungu, monga Alexander Hetherwick wa ku Blantyre Mission. DC amene mtsikanayo ankati akasumeko anali wotolera msonkho, woweruza milandu ndiponso woyendetsa boma m'dera lake, munthu mmodzi yemweyo. Ndinawafunsa kuti nthambi zitatu zija zili kuti pamenepa. Anayang'anana. Mnyamata wina anati, "Ndiye kuti zonse zinali m'thumba limodzi, sala." Anthu akuda oyamba analowa mu khonsoloyo mu 1949, patapita zaka 34 Chilembwe atafa. Mu 1956 mpamene munalowa anyamata olankhula mosaopa monga Henry Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume, amene anazunguza nawo chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mpaka chinatha mu 1963.

Pa nyumba yakale ya Malamulo tinangoima panja. Ndikanatha kuwauza za pa 3 Malichi 1959, za Kamuzu ku ndende ya Gweru, za mbendera ya pa 6 Julaye 1964, koma zimenezo amazidziwa. Ndinasankha Seputembala 1964, patangotha miyezi iwiri tilandire ufulu. Nduna zinasemphana ndi Dr Banda pa nkhani ya tiki (mapeni atatu) imene odwala ankayenera kulipira ku chipatala, pa malipiro a ogwira ntchito m'boma, pa kuchedwa kopereka maudindo kwa Amalawi, ndi pa ubale ndi Apwitikizi. Banda anachotsa Orton Chirwa, Chiume, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo; Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi Chipembere anatula pansi maudindo. Aphungu anakumana mu Zomba momwemu pa 8 ndi 9 Seputembala n'kuima kumbali ya Banda. Ambiri mwa nduna zija anathawira kunja. Mu 1966 dziko linakhala la chipani chimodzi, mu 1971 Banda anakhala mtsogoleri wamuyaya, ndipo ndende ya Mikuyu, kunja kwa mzinda womwewu, inadzaza anthu osazengedwa mlandu. Mzungu anali atapita, koma mphamvu zinabwereranso m'manja mwa munthu mmodzi, ndipo aphungu osankhidwa ndi anthu ndi amene anawomba m'manja.

Apa mpamene ndinatulutsa kabuku ka malamulo aakulu a dziko kamene ndinanyamula m'chikwama. Ndinawakumbutsa mwachidule kalata ya maepiskopi ya pa 8 Malichi 1992, riferendamu ya pa 14 Juni 1993 imene anthu anasankha pakati pa nyali (zipani zambiri) ndi tambala wakuda (chipani chimodzi), ndi chisankho cha pa 17 Meyi 1994. Kenaka ndinapatsa mwana mmodzi kuti awerenge mokweza gawo 27, loletsa ukapolo ndi kugwiritsa anthu ntchito mokakamiza. Asanamalize, wina kumbuyo anakuwa, "Thangata!" Winanso anawerenga gawo 12, lonena kuti mphamvu zonse za boma zimachokera kwa anthu a Malawi. Pa makhoti sindinavutike kupeza chitsanzo: pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu anafafaniza zotsatira za chisankho cha mtsogoleri wa dziko cha 2019, chisankho n'kuchitikanso pa 23 Juni. Anawa anali aang'ono, koma amakumbukira makolo awo atazungulira wailesi tsiku lonse.

Pobwerera, kutayamba kuda, ndinafunsa kuti ndani akudziwa dzina la khansala wa wodi yake. Manja amene anakwera anali owerengeka. Phungu ambiri ankamudziwa, koma chifukwa cha mipira ndi mayunifomu amene anagawa nthawi ya kampeni. Ndawapatsa ntchito ziwiri za pa holide: afunse agogo awo ngati pamtundu pawo panali wogwira thangata kapena wopita ku utengatenga, ndiponso akapeze tsiku limene komiti ya chitukuko ya m'mudzi mwawo imakumana, akakhale nawo kumbuyo n'kulemba zimene amva.

Aphunzitsi anzanga ofuna kuyenda ulendo womwewu, lembani kalata ku PIM nthawi ikadalipo kuti mukapeze wokuonetsani malo, ndipo pewani pa 15 Januwale, chifukwa tsikulo kumadzaza magalimoto a akuluakulu moti ana sangaone kanthu. Mafuta a ku Magomero mugwirizaniretu ndi adalaivala musananyamuke.