Nkhondo ya ku Karonga ndinaimenyera pakhonde ku Area 25

Mayi a kunyumba atandiona ndikutsitsa bolodi pa kabaza anaganiza kuti shelefu ya kukhitchini ija tsopano yatheka. Nditawauza kuti limeneli ndi bwalo la nkhondo, anangoti, "Bambo a ana, zidole mwayamba liti?" n'kubwerera ku mphika wawo.

Sindinalimbane nawo, chifukwa ukaonera patali ndi zidoledi. Masewerawa amatere: mumatenga nkhondo imene inachitikadi, n'kuiyala pa tebulo ndi tiasilikali topentedwa, mitsinje, tchire ndi nyumba zake, kenako anthu awiri n'kugawana mbali. Mtunda mumapima ndi tepi, ndipo zoti chipolopolo chalasa kapena chaphonya amagamula ndi madayisi. Anayambitsa ndi asilikali enieni. Ku Prussia mu 1824 ofesala wina, von Reisswitz, anaonetsa akuluakulu ake masewera otchedwa Kriegsspiel, iwo n'kuwasandutsa chophunzitsira maofesala. Ine ndinawaonera pa YouTube usiku wina tulo titandithawa. Azungu amene ndinkawaonerawo ankangobwereza Waterloo ndi Normandy, ndiye mtima unandiuza kuti ifenso tili nayo yathu.

Ndinasankha ya ku Karonga ya pa 9 Seputembala 1914, kumayambiriro kwa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, imene agogo athu ankaitcha nkhondo ya chiwaya (chiwaya ndi mfuti yaikulu ija yolavula zipolopolo motsatizana). Ndi yabwino kwa woyamba kumene chifukwa magulu ake anali ochepa, safuna tiasilikali mazanamazana, komanso ili ndi kachinthu kokoma. Captain Barton wa mbali ya Angelezi anatuluka mu Karonga ndi gulu lalikulu la Keyala, King's African Rifles, kulowera kumpoto cha ku Songwe, pamene Ajeremani ndi asilikali awo akuda, ochokera ku dziko limene lero ndi Tanzania, ankatsikira kummwera. Anasemphana m'tchire osaonana. Ajeremani anakagwera Karonga itatsala ndi alonda ochepa, Barton atamva mfuti kumbuyo kwake anabweza ena kukathandiza, ndipo masana ake magulu awiriwo anakumana maso ndi maso pa Kasoa. Ajeremani anagonja nabwerera kwawo. Manda a azungu a mbali zonse ziwiri amene anafa tsikulo ali ku Karonga mpaka lero.

Choyamba ndi kusankha msinkhu wa tiasilikali, ndipo apa musathamange, chifukwa zina zonse zimatsata pamenepo. Pali ta mamilimita 15, ta 28, ndi ta pulasitiki timene pa bokosi amalemba 1/72. Tomalizati munthu wa mamita 1.8 amatalika masentimita 2.5 okha, ndipo ndi totchipa kuposa tina tonse. Mu Lilongwe ndinazungulira mashopu a ku Old Town, ndinavundula milu ya zidole za kaunjika kumsika wa Tsoka mpaka manja kuda. Ndinapeza tobiriwira tija ta ana, tina tatikulu tina tating'ono m'thumba limodzi, tonyamula mfuti za masiku ano. Tophunzirira kupenta ndi tabwino, koma pa tebulo ayi. Mapeto ake ndinatuma mlamu wanga amene amayenda ku Johannesburg, ndipo anandibweretsera mabokosi atatu a 1/72. Mukatuma munthu mtumizireni chithunzi cha bokosi lenilenilo pa WhatsApp, chifukwa mukangoti "asilikali" adzabwera ndi za Spider-Man.

Penti ndiye inandiphunzitsa ulemu. Ndinagula katini ka penti ya mafuta ku hadiweya, yopentera mageti ija, n'kupaka tiasilikali khumi usiku umodzi. Patatha sabata tinali tikadamata m'manja, ndipo pamene tinauma, ndikangopinda mfuti pang'ono penti inkasendeka ngati khungu la mbatata yophika. Pulasitiki yofewa imachoka ku fakitale ili ndi timafuta, ndipo penti siigwira. Njira yake ndi iyi. Mutsuke tonse m'madzi ofunda a sopo wotsukira mbale ndi mswachi wakale, muyanike, kenako mupake guluu woyera wa akalipentala wosungunula pang'ono ndi madzi. Akauma amasiya kachikopa kosaoneka komwe penti ya acrylic, yosungunula ndi madzi ija, imakakamira. Mukamaliza kupenta mupakenso guluu yemweyo pamwamba kapena vanishi. Khumi toyamba tija ndinapatsa mwana wa aneba.

Popenta musagwire kasilikali m'manja. Ine ndimamata tisanu pa kamtengo ndi kadontho ka guluu, n'kumapaka mtundu umodzi pa tonse: khaki kaye, kenako khungu, kenako mfuti, malamba n'kumalizira chipewa. M'mwezi wa Okutobala penti imaumira pa bulashi usanafike n'komwe pa kachiwiri, choncho ndimathira penti pa kapepala kosalowa madzi msanga, pansi pake nditayala kasiponji konyowa m'sosala. Ndimapenta Loweruka m'mawa pakhonde. Usiku ndinasiya, chifukwa magetsi akathima uli pakati pa nkhope ya munthu wa masentimita awiri ndi theka, tochi ya foni sikuthandiza.

Za mitundu, mbali zonse ziwiri zinkavala khaki, ndiye pa tebulo zimasokoneza. Chosiyanitsa ndi kumutu. A Keyala ochokera ku Nyasaland ankadziwika ndi tizisoti takuda, pamene asilikali akuda a Ajeremani ankavala chisoti cha khaki chokhala ndi kansalu kogwera pakhosi kumbuyo. Kansaluko ndinkadula pa tishu n'kukaumitsa ndi guluu. Ambiri a iwo mu 1914 anali akadali ndi mfuti zakale za Mauser za 1871 zogwiritsa onga wakuda, zimene zikalira zinkafuka utsi woyera n'kuulula pamene munthu wabisala, pamene za Keyala zinalibe utsi wotero. Ichi ndinachisunga, chinadzalowa m'malamulo.

Kuti tisamagwe, kalikonse ndinakamata pa washala wachitsulo wa ku hadiweya, n'kupaka guluu pamwamba pake, n'kumwaza mchenga wosefa ndi sefa ya tiyi. Sefayo gulani yanu. Ndanena.

Bwalo ndilo linali losavuta. Kalipentala wa ku Mchesi anandidulira bolodi la masentimita 180 m'litali ndi 120 m'lifupi, ndipo atafunsa ntchito yake ndinangoti ndi la ana. Ndinayalapo chinsalu chofiirira cha pa kaunjika, mbali ya kummawa n'kuikako chabuluu kukhala nyanja. Mitsinje ya North Rukuru ndi Lufira ndi timizere ta nsalu. Nyumba za Angonde ndi mapepala okulungirapo tishu odula pakati, madenga ake a udzu wa tsache, ndipo nthochi, poti Karonga wopanda nthochi si Karonga, ndi waya ndi pepala lobiriwira long'amba m'mbali. Chimene chinanditengera nthawi ndi tchire. Ndinamasula chingwe cha khonje, n'kuchidula tizidutswa ta masentimita anayi, n'kutiimika m'magulu pa makatoni. Tchire liyenera kupitirira mutu wa kasilikali, apo ayi nkhani ya kusemphana ija siimveka. Chenjezo limodzi: mukapanga zitunda ndi zoyera zopepuka zija zotetezera TV m'katoni, musazipopere penti ya m'chitini, imazidya n'kusiya maenje. Pakani ndi bulashi.

Malamulo ogula alipo ambiri, mabuku athunthu, koma ine ndinalemba anga patsamba limodzi la kope. Gulu ndi tiasilikali tisanu ndi kamodzi. Pa ulendo umodzi limayenda masentimita 15 panjira, 10 m'tchire. Mfuti imafika masentimita 40. Kasilikali kalikonse kamaponya dayisi imodzi, ya ludo yomweyi: 5 kapena 6 walasa, koma ngati mdani ali pobisala ndi 6 yekha. Chiwaya chimaponya madayisi anayi, ndipo awiri akagwa pa 1 chakakamira, chidikire ulendo wina. Gulu likataya theka liponye dayisi, ikagwa pansi pa 4 lathawa. Ajeremani akawombera timaika kathonje kutsogolo kwawo, ndiwo utsi uja, ndipo ulendo wotsatira amalasidwa ngati ali poyera.

Vuto lalikulu la nkhondo ya pa tebulo n'lakuti umaona zonse ngati kabawi ali m'mwamba, pamene Barton sankaona kanthu. Ndinalithetsa ndi zitsekerero za mabotolo. Aliyense amayamba ndi zitsekerero khumi zovundikira, zina zolembedwa nambala ya gulu kunsi, zina zopanda kanthu. Mumayendetsa zitsekererozo, ndipo tiasilikali timatuluka m'bokosi pokhapokha ziwiri zikayandikana masentimita 20 kapena wina akawombera.

Woyamba kusewera naye anali malume anga a ku Kawale, katswiri wa bawo amene sakonda kugonja ngakhale kwa mwana. Anatenga Ajeremani. Tinatha mphindi makumi anayi, tinawomberana mpaka mbali yanga inatsala ndi anthu atatu, iwo n'kupambana. Koma sanasangalale. Anayang'ana bwalo lonse n'kufunsa kuti, "Kodi mphwanga, anthu akowa akudya chiyani? Zipolopolo zosathazi akuzitola m'tchire?"

Ndinati ndi masewera chabe, malume.

"Masewera ake ati opanda amtengatenga? Agogo ako anapita ku chiwaya, mfuti sanaigwirepo. Ananyamula bokosi pamutu mpaka tsitsi linathothoka pakati apa."

Nkhani imeneyo ndinkaimva ndili mwana koma pa bolodi langa inalibe malo, chifukwa ndinakopera kwa anthu amene nkhondo zawo zinali ndi sitima ndi akavalo. Kuno akavalo ndi ng'ombe zinkafa ndi kashembe, misewu ya galimoto inali yosowa, ndipo chilichonse, ufa, mpunga, zipolopolo, chiwaya chomasulidwa zidutswa, chinkayenda pamutu pa munthu, katundu wopitirira makilogalamu 20 aliyense. Pa nkhondo yonseyo Nyasaland inapereka asilikali pafupifupi 19,000, koma amtengatenga anayandikira 200,000, ambiri ochita kugwidwa m'midzi kudzera mwa mafumu, ndipo ochuluka anafa ndi njala, kamwazi ndi chibayo. Magazi a ku Karonga omwewa ndi amene anachititsa John Chilembwe kulemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times chakumapeto kwa 1914, kudandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo imene si yawo. Mu Januwale 1915 anaukira boma.

Ndiye ndinabwerera ku lezala. Amtengatenga a m'bokosi ndinalibe, choncho ndinatenga tiasilikali totsala, n'kudula mfuti, malamba ndi zisoti, n'kupala mpaka kutsale munthu wamba. Mkono ndimauviika m'madzi otentha, n'kuupindira m'mwamba, n'kuuponya m'madzi ozizira kuti uume pomwepo. Katundu wa pamutu ndi timitengo ta machesi todula n'kumata tinayi pamodzi kukhala bokosi, kapena kansalu kokulunga ndi ulusi kukhala mtolo. Nsalu ya m'chiuno ndi tishu ndi guluu. Kamodzi kamanditengera nthawi yoposa asilikali atatu, ndipo chala changa chamanthu chili ndi zipsera ziwiri.

Malamulo anasinthanso. Gulu lililonse limayamba ndi nyemba zitatu, kuwombera kulikonse kumadya nyemba imodzi, chiwaya ziwiri. Zikatha mulibe chowombera mpaka wamtengatenga akufikeni, ndipo aliyense amanyamula nyemba zitatu, amayenda masentimita 10 basi. Mfuti ikalira pafupi naye masentimita 20 aponye dayisi: 1 kapena 2 waponya katundu pansi walowa m'tchire. Malume anafuna kuti ikhale mpaka 3. Anati munthu wogwidwa m'munda mwake alibe chifukwa choimira pamoto wa eni ake, ndipo ndinawagonjera.

Ulendo wachiwiri unatha maola awiri ndi theka, ndipo unali masewera ena. Palibe amene ankawombera chisawawa. Ndinayamba kutumiza gulu lathunthu kukaperekeza anthu anayi onyamula mabokosi, zimene poyamba ndikanaziyesa kutaya asilikali. Malume anandinamiza ndi zitsekerero zinayi zopanda kanthu m'mbali mwa phiri, ine n'kuzithamangira ndi magulu atatu, pamene enieniwo ankatsika chakunyanja, zofananako ndi zimene zinam'chitikira Barton, ngakhale ndinkaidziwa nkhaniyo kuposa iwo. Anafika pa Karonga, chiwaya chawo chinalira ulendo umodzi n'kukhala chete. Amtengatenga awo atatu anali atathawa pa Rukuru, mabokosi ali mbwee panjira. Anakhala pamenepo akuyang'ana linga langa la anthu asanu, nyemba alibe, mpaka magulu anga anabwerera.

Sanakwiye. Anatola kamodzi ka tothawato, n'kukayang'anitsitsa pafupi ndi diso, n'kunena kuti nkhata ndaiwala, munthu sanyamula bokosi pamutu popanda nkhata. Ndili nato khumi ndi tiwiri, tonse topanda nkhata, ndipo malume akufuna tikwane makumi atatu tisanayale Kasoa Loweruka la mawa. Ulusi wa khonje wopota kawiri pa nsonga ya singano ukuoneka kuti ukwana, koma mabokosi aja ndiyenera kuwamatula kaye.