Tsiku limene ndinakwawa ku Leeds

Ine Chingerezi ndinakhoza bwino pa MSCE, ndipo n'chimene chinandipweteketsa. Amene analephera amafunsa akapanda kumva. Ine ndinkangogwedeza mutu ngati loya.

Ndinali nditangotha miyezi iwiri mumzinda wa Leeds ku England, ndikugwira ntchito yosamalira okalamba. Lachitatu lina tikumwa tiyi, mayi wina wa shifiti yathu anandiuza kuti Loweruka tonse tikupita ku crawl, kukatsanzikana ndi mnzathu amene ankasiya ntchito. Anati tikayambira kumtunda kwa Headingley, n'kutsika ndi Otley Road mpaka m'tauni. Amalumbira mpaka lero kuti ananena pub crawl, koma anthu a ku Yorkshire, dera limene kuli Leeds, amayankhula ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. Ine chimene ndinatolapo ndi crawl basi.

Liwulo ndinkalidziwa kuyambira Fomu 1, ndi kukwawa. Ndipo sindinadabwe konse. Anthu akuno akafuna kusonkhetsa ndalama zachifundo amachita zoti kwathu angakumangirire. Ndinali nditaonapo pa TV munthu akuthamanga London Marathon atavala ngati chipembere. Ndiye kukwawa n'chiyani? Chimene chinandisowetsa tulo ndi mtunda, chifukwa nditayang'ana pa Google Maps ndinapeza makilomita oposa 3.

Mawa lake ndinakagula zotchinga m'mawondo, zija amavala oika matailosi, ndi magolovesi akudimba. Mapaundi 12 anapita, ndipo ndinalakwitsa n'kuwasandutsa makwacha mumtima, mutu unandiwawa. Usiku ndinayamba kuyeserera m'chipinda mwanga, kuchoka pabedi kukafika pachitseko, kubwerera, kasanu kasanu. Ndili mkati motero, mayi akunyumba anaimba pa WhatsApp kuchokera ku Zomba, nkhope ili mwee.

"Abambo, taonani mwana wanu, wayamba kukwawa!"

Ndinayang'ana kamwana kanga ka miyezi 8 kakudzikoka pamkeka, ndipo ndinaona kuti kakundiposa. Nditawafotokozera zimene ndinkachita, anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Ndiye tinagulitsa ng'ombe ija kuti mukachite zimenezo?"

Loweruka linafika ndi kamvula kawazawaza. Pamalo pokumanirana panali anthu ovala zodabwitsa: wina ngati nthochi, anyamata anayi ngati masisitere, mtsikana wina ngati ng'ona. Ndi mwambo wake wa msewu umenewu, amautcha Otley Run, ndipo ambiri amakhala ana a ku yunivesite. Anzanga ataona zam'mawondo zanga anaombera m'manja, kuganiza kuti ndavala ngati mmisiri. Ine ndinawayang'ana maondo awo osatchinga, n'kuwamvera chisoni.

Mayi uja atati tiyeni tiyambepo, sindinafune kuti Mmalawi aoneke wamantha. Ndinagwada, manja pansi, ulendo.

Ndinakwawa ndi mtima wonse, abale. Mutu pansi, mpweya ndikuwerengera, thalauza likumwa madzi. Ndinadutsa chingamu chomata, chivindikiro cha botolo, ndudu yonyowa. Ndinaona kuti palibe akundipitirira, ndinati eya, kuyeserera kuja kwathandiza. Kagalu kena kanabwera kudzandinunkhiza khutu. Kenako kutsogolo kwanga kunaima nsapato ziwiri zakuda, pamwamba pake miyendo yachikasu. Inali nthochi ija. Inawerama mwaulemu ndithu n'kundifunsa ngati iimbe 999, nambala yoitanira ambulansi.

Nditacheuka, anzanga onse anali chilili pakhomo la bala, kukamwa yasa. Amene anayamba kuseka ndi mayi uja, ndipo anaseka mpaka anakhala pansi ponyowa pompo.

Mkati ndiye anandilongosolera. Pub crawl ndi kuyenda kuchoka bala ina kupita ina, kumwa tambula imodzi paliponse, ija ya mamililita 568 amati pint. Pamsewu umenewu pali mabala 15 kapena kuposapo. Ndinafunsa kuti nanga bwanji amati Run pomwe palibe akuthamanga, n'kumatinso crawl pomwe palibe akukwawa? Anangoti dikira uone.

Kuyambira pamenepo aliyense anasanduka mphunzitsi wanga. Basi ikamayenda ngati nkhono pamzere wa magalimoto, akuti nayonso ndi crawl. Msewu ukadzaza anthu nyakanyaka ngati linthumbwi, liwu lake ndi lomwelo. Wonyambita mapazi a bwana amamutcha crawler, ndipo apa onse anatchula dzina limodzi la kuntchito nthawi imodzi. Ngakhale kusambira kuja kosinthanitsa manja, kumene ana a ku Nkhata Bay amachita m'nyanja popanda dzina lililonse, akuti ndi front crawl. Ine ndimaona kuti ndi umbombo chabe. Liwu limodzi kuligwiritsa ntchito zisanu, malipiro osawonjezera.

Mowa sindimwa, ndiye ndinayenda ndi Fanta tsiku lonse, mimba ikulira ngati ng'oma. Pofika bala ya 12 kunja kunali kutada, masisitere atatsala awiri, ng'ona itataya mchira. Mnzathu wosiya ntchito uja, amene masana anandijambula pafoni n'kutumiza ku gulu lonse la kuntchito, anapita kuchimbudzi cha m'mwamba n'kuchedwako. Ndinapita kukamuona. Ndinamupeza akutsika masitepe chafutambuyo, manja ndi maondo, pang'onopang'ono ngati kamwana kanga ka ku Zomba.

Anadzutsa mutu, n'kuyang'anitsitsa miyendo yanga, n'kunong'ona kuti ndimubwereke zam'mawondo zija.

Ndinamuveka ndekha. Mpaka lero sanabweze, ndipo mayi akunyumba amafunsabe za mapaundi 12 aja.